Wrath of the Righteous: gemu yabwino, koma liwiro la ndewu mukonza nokha

Anyamata ambiri kuno ku Chipata ukawatchulira gemu amaganiza za mpira kapena Mortal Kombat basi, zija za m'magemu shopu a ku Kapata, walipira, mwamenyana mphindi zitatu, waluza wanyamuka pampando mnzako akhalepo. Ndiye amene mwazolowera zimenezo ndikuchenjezeni kale, Pathfinder: Wrath of the Righteous njosiyana nazo kutali. Muli kuwerenga kwambiri, muli masamu, ndipo ndewu imodzi ikhoza kutha pa masekondi 20 kapena kukudyerani madzulo onse kutengera ndi batani limodzi lomwe mwadina, losankhira ngati ndewu ikhale yodikirana kapena onse amenyane nthawi imodzi. Batani limenelo ndiye landichititsa kulemba izi, chifukwa ndi pomwe pali ubwino wa gemu iyi komanso vuto lake.

Anaipanga ndi a Owlcat Games, inatuluka pa kompyuta pa 2 September 2021, ndalama zina zoipangira anthu anachita kusonkha pa Kickstarter mu 2020 mpaka kupitirira 2 miliyoni ya madola. Mu 2022 inafikanso pa PlayStation 4 ndi Xbox One koma ine ndikunena ya pa laputopu, ya mausi ndi kiyibodi. Nkhani yake mwachidule, muli mu mzinda wa Kenabres m'dziko la Mendev, tsiku la chikondwerero ziwanda zatulukira, bwana wake Deskari wapha chinjoka choteteza mzindawo anthu akuona, pansi pang'ambika inu mwagweramo. Kuchoka pamenepo mukwera mpaka kukhala mkulu wa nkhondo yolimbana ndi ziwanda zochokera ku chidzenje chija amati Worldwound. Nkhani ndi yabwino zedi koma sindiulula zambiri, tiyeni ku ndewu.

Malamulo a gemu iyi sanabadwire pa kompyuta ayi. Ndi a Pathfinder, masewera a patebulo omwe kampani ya Paizo inatulutsa mu 2009, iwonso anachita kutengera ku Dungeons & Dragons (D&D) ya 3.5, ndipo D&D yeniyeniyo inayamba kale mu 1974. Patebulopo pamakhala anthu anayi kapena asanu, aliyense ndi pepala la munthu wake, wina mmodzi ndiye woyendetsa nkhani ndi adani onse. Ukafuna kutema mdani umaponya dayisi ya mbali 20, kuwonjezerapo manambala ako, zikafika kapena kupitirira Armor Class (AC), nambala ya chitetezo cha mdaniyo, wamupeza, zikachepa wamuphonya. Ikagwa 20 wamupeza zivute zitani, ikagwa 1 waphonya olo utakhala katswiri bwanji. Nthawi amaiwerenga m'maraundi, raundi imodzi ndi masekondi 6 a m'nkhanimo, ndipo mu raundiyo uli ndi zochita zowerengeka: kuyenda kamodzi ndi kumenya kamodzi, kapena kusayenda koma kumenya ma attack ako onse. Ukachoka pafupi ndi mdani mwachisawawa amakupatsa chibakera chaulere, ndiye attack of opportunity imeneyo. Zonsezi anazilemba poganiza kuti anthu azidikirana ngati pa nsolo, wina afese mbewu zake amalize, iwe uli chete kuwerengera maenje, kenako ndi iwe.

Manje kompyuta ilibe chifukwa chodikira. Dayisi imaponya yokha, masamu imapanga yokha kuphethira kamodzi, ndiye opanga magemu akhala akukangana ndi funso ili kuyambira kalekale, tisunge kudikirana kuja kapena tingomasula onse amenyane nthawi imodzi? Baldur's Gate yoyamba ya BioWare mu 1998 inasankha kumasula. Onse amathamanga ndi kumenya pamodzi, maraundi akuwerengedwa mobisa pansi, iwe ukaona zathina umadina spacebar zonse ziime, upereke malamulo, udinenso zipitirire. Temple of Elemental Evil ya mu 2003 inasankha kudikirana ndipo inatsata buku pafupifupi mzere ndi mzere. Baldur's Gate 3 ya Larian mu 2023 nayonso ndi yodikirana basi palibe kusankha. A Owlcat pa gemu yawo yoyamba, Kingmaker ya mu 2018, anayamba ndi real time yoimitsa ija, anthu anadandaula mpaka ena kudzipangira mod (kachigamba kowonjezera pa gemu) ya turn-based, kudikirana kuja, ndiye mu 2020 eniake anaiikamo. Pa Wrath anangoti tengani zonse ziwiri kuyambira tsiku loyamba, musinthe nthawi iliyonse olo pakati pa ndewu.

Kumva choncho munthu ungati nkhani yatha, aliyense wakondwa. Koma sewerani muone.

Mukaika turn-based gemu imakoma mwa mtundu wina. Pamwamba pa sikirini pamabwera mndandanda wa amene ayambe ndi amene atsatire malinga ndi initiative, ndiye mumadziwa kuti chiwanda chija chisanasunthe muli ndi anthu a m'gulu lanu, Seelah ndi Camellia, oti achitepo kanthu. Seelah mumuuza achite charge, apeze +2 pomenya koma AC yake itsike ndi 2, mwasankha nokha mukudziwa mtengo wake. Wamatsenga wanu wapanikizidwa pakona, mumusuntha ka five-foot step kamodzi kosaputa chibakera chaulere, kenako aponye spell yake ali pabwino. Fireball mumaiika penipeni pomwe ipsereze adani anayi osakhudza wanu ndi mmodzi yemwe chifukwa palibe akusuntha. Ka spell kotchipa ngati Grease, kongothira mafuta pansi, kamasanduka chida choopsa, mwathira pakhomo, adani akubwera akuterereka kugwa, anu mwawaimika kumbuyo akungolasa. Apa ndi pomwe umamvetsa chifukwa chake malamulo aja analembedwa chonchija, kalikonse kali ndi ntchito yake. Ndipo kumbali kuli kabokosi kolemba zonse zochitika, mukalozapo mausi kamakuonetsani kuti dayisi inagwa 7, kuwonjezera chakuti ndi chakuti, AC ya mdani inali yakuti, ndiye mwaphonya. Ine kabokosi kameneka ndimakakonda kuposa zithunzi za gemu yonse, kamaphunzitsa malamulo bwino kuposa tutorial yawo.

Vuto ndi loti adani achuluka udyo. Patebulo woyendetsa nkhani amadziwa kuti ndewu imodzi itenga ola, ndiye madzulo amodzi amaikamo ziwiri zitatu zomwe zili ndi tanthauzo. A Owlcat mamapu awo anawadzaza poganiza za munthu wa real time yemwe amasesa chipinda pa masekondi ochepa. Mulowa chipinda muli timagulu ta anthu opembedza ziwanda, mwapha, mukhota pakona tina, mutsegula chitseko tinanso, tonse tofanana, palibe kamene kangakugonjetseni koma kalikonse kafuna nthawi yake yoyenda ndi kumenya inu mukuyang'ana. Gulu lanu ndi anthu 6, muwonjezepo mahatchi ndi ziweto ngati muli nazo, ndi zina zoitanidwa ndi matsenga, mndandanda uja umatalika kuchita kudzaza sikirini. Mu Shield Maze koyambirira sizivuta kwenikweni. Koma mukafika pa ndewu yoteteza bala ija ya Defender's Heart, pomwe adani amabwera gulu ndi gulu komanso asilikali a mbali yanu aliyense ali ndi nthawi yake, mudzadziwa kuti kudikira n'chiyani. Mu ma settings muli poti muwonjezere liwiro la kayendedwe ka anthu pa turn-based, chitani zimenezo tsiku loyamba lomwe, zimathandiza koma sizichotsa vutolo.

Ndipo apa pali nkhani ya ife a kuno yomwe ma review akunja sangakuuzeni. Pakati pa ndewu gemu iyi silola kuseva. Ndiye taganizani, muli mkati mwa ndewu yaitali ya turn-based, mwaiyendetsa bwinobwino, malaiti apita, batire la laputopu ndi lija lotopa kale la mphindi zochepa, ndipo gemu ngati iyi imalikama msanga. Zonse zija zapita, mukayambira pa save ya ndewu isanayambe. So kwa ife kutalika kwa ndewu si nkhani ya kutopa chabe. F5 ndi quick save, chala chizolowere kudina musanatsegule chitseko chilichonse, ndipo ndewu zikuluzikulu muziziyamba mukadziwa kuti malaiti akhalapo.

Chabwino, mwatopa, mwasinthira ku real time. Tiadani tija timatha ngati masewera, Lann, wa uta wa m'gulu lanu, amangoima pamalo amodzi kuthira mivi raundi iliyonse ma attack ake onse chifukwa sakuyenda, a malupanga akuthamangira okha mdani wapafupi, chipinda chayera musanamalize kumwa tiyi. Zimasangalatsa ndithu, makamaka kutsogolo mukakhala ndi mphamvu za mythic, pomwe mwasankha kukhala Angel kapena Lich kapena Trickster ndi zina, njira zake zilipo 10, ndipo gulu lanu likungogwetsa ziwanda ngati palibe kanthu. Koma malamulo aja theka lake limasowa m'chipwirikiti. Fireball mwaloza pagulu la adani, pomwe wamatsenga akumaliza kuyankhula mawu ake adaniwo achoka kale, pamalopo pafika Seelah wanu. Grease yomwe ija mumanyadira, anu omwe akuthamangiramo kugwa chagada chifukwa kompyuta imawatsogolera njira yachidule osaona mafuta. Wina wasuntha pang'ono kutsata mdani, wadya zibakera zaulere zitatu inu osaona kuti zachokera kuti, mungoona magazi atsika. Mukafuna kuti zisachitike mumadina spacebar sekondi iliyonse, ndiye pamenepo mukusewera turn-based yomweyo koma yovutirapo.

Opanga gemu anadziwa zimenezi ndipo malamulo ena anawapinda kuti agwirizane ndi real time. Chitsanzo ndi flanking. M'buku, kuti mupeze +2 ija muyenera kumuika mdani pakati, wina kutsogolo wina kumbuyo kwenikweni. Mu gemu iyi bola anthu awiri akumenya mdani mmodzi pafupi, basi yawerengedwa, olo ataima phewa ndi phewa. Pa real time zimenezi ndi zanzeru chifukwa palibe angakwanitse kuyika anthu pamzere onse akuthamanga. Koma lamulo lomwelo limakhalabe mukapita ku turn-based, ndiye luso lina la kaimidwe lomwe anthu a patebulo amalikonda latha, komanso ma feat (maluso osankhira munthu wanu) ngati Outflank amasanduka oti aliyense wa lupanga angotenga osaganiza. Pansi palibenso timabokosi ta grid, mtunda amayeza ndi mzere, ndiye nthawi zina mumadina malo mukuganiza kuti ndi ka step kamodzi, munthu wanu wayenda mopitirira, ma attack ake onse apita watsala ndi imodzi. Yang'anitsitsani chizindikiro cha pa mausi musanadine, chimasintha kuonetsa ngati mumenya zonse kapena kamodzi.

China chomwe chimandinyansa ndi ma buff, matsenga olimbitsa anthu anu. Adani a mu gemu iyi manambala awo anawakweza kuposa a m'buku, chifukwa wosewera pa kompyuta ali ndi anthu 6, amatha kuloda save akafa, komanso palibe woyendetsa nkhani womvera chisoni yemwe angabise dayisi kuti gulu lisathe. Kutsogoloko pa mulingo wovuta wa Core mumakumana ndi zinthu za AC yopitirira 50, ndipo ngati manambala anu sakufika mumangodikira 20 ija, mwayi wa 1 pa 20. Ziwanda zambiri zilinso ndi damage reduction (chitetezo chochepetsa kuvulala) yofuna chida cha cold iron kapena chodalitsidwa, zina zimakana ma spell. Njira yake ndi yoti musanalowe ndewu muime pakhomo kudzithira matsenga, Bless, Mage Armor, Shield, Barkskin, Heroism, Haste pomalizira chifukwa imatha msanga, munthu aliyense payekha, ndipo mukagona kupumula zonse zafufutika muyambirenso. Kumeneko si kuganiza ayi, ndi ntchito ya manja chabe, ndipo gemu ilibe batani lochitira zonse pamodzi. Anthu anachita kupanga mod yotchedwa Bubble Buffs yoti udine kamodzi zonse zithiridwe. Mod ikatchuka choncho ndiye kuti eniake anasiya dzenje. Apa anatsata buku mokhulupirika pamalo pomwe sipamafunika kukhulupirika, pomwe pa flanking pomwe kukhulupirika kukanakoma ndi pomwe anapinda.

Anzanga ena amati nanga osangosewera Baldur's Gate 3 bwanji. Ndi gemu yabwino kwambiri, inatenga Game of the Year mu 2023 ndipo inayenera. A Larian vuto lomweli analithetsa mwanzeru ina, anachepetsa ndewu koma iliyonse anaikonza ndi manja, pali pokwera, pali phompho loti umukankhiremo mdani, pali migolo yophulika, gulu ndi anthu 4 chabe, levo imathera pa 12, ndipo malamulo a D&D 5th edition ndi opepuka kale kuposa a Pathfinder. Nawonso anapinda buku, kukankha ndi kudumpha anazipanga bonus action, woima pamwamba anamupatsa +2, zomwe m'buku mulibe. Kumenekonso umatha kuseva pakati pa ndewu. Pa nkhani ya kukoma kwa ndewu imodzi imodzi Baldur's Gate 3 yapambana, sindikutsutsa. Koma imafuna malo okwana 150 GB ndi makina amphamvu, pomwe Wrath imapempha 50 GB ndipo imayenda pa laputopu yapakatikati mukatsitsa ma graphics. Ndani kuno ali ndi bando ya 150 GB yongotaya? Komanso pa kamangidwe ka munthu wako Wrath ilibe mnzake, inatuluka ndi makalasi 25 (mitundu ya munthu ngati wankhondo kapena wamatsenga) lililonse ndi nthambi zake, levo mpaka 20 kuwonjezapo ma mythic rank 10, mukhoza kutha usiku wonse pa sikirini yopangira munthu musanaone ndi chiwanda chimodzi chomwe. Amene mukufuna malamulo a patebulo osapindidwa kwenikweni yesani Solasta: Crown of the Magister ya mu 2021, ili ndi grid yake ndi zonse, kungoti nkhani yake ndi yozizira.

Ndiye mmene ndimaisewerera ine ndi mmene ndingalangizire munthu woyamba. Poyenda m'mapanga ndi m'misewu ya Kenabres siyani pa real time, anthu a uta ndi malupanga azigwira ntchito, amatsenga muwaike pa ka spell kaulere kobwerezabwereza, Ember ndi ma hex (matemberero) ake amakwana bwino pamenepo. Mukangoona mdani wa dzina lakelake, kapena wamatsenga kumbuyo kwa gulu, kapena magazi a wina atsika theka mosadziwika bwino, sinthani ku turn-based pomwepo. Zimagwira ntchito, ndipo ndikuvomereza kuti ndi magemu ochepa a mtundu uwu omwe amakupatsa ufulu wotere mosavuta chonchi. Chomwe ndimakana ndi kuwayamikira a Owlcat ngati kuti athetsa mkangano uja. Ntchito yoyeza kuti ndewu iyi ikufuna kuganiza kapena kungosesa anakusiyirani inu, ndipo munthu watsopano sangadziwe kusiyanitsa mpaka atafa kangapo, chifukwa gemu siikuchenjezani kuti chipinda ichi si chofanana ndi zisanu zapitazo. Mumangolowa mwa chizolowezi pa real time, kuphethira kamodzi anthu atatu ali pansi.

Pa difficulty musachite matama. Pali Story, Casual, Normal, Daring, Core, Hard ndi Unfair, ndipo gemu yomwe imakuchenjezani kuti Core ndi ya anthu odziwa kale Pathfinder. Mverani. Yambani pa Normal, komwe adani amamenya mofewerapo, ndipo ubwino wake zonse zimasinthika payekhapayekha nthawi iliyonse, mukhoza kusiya adani ali anzeru koma kuchepetsa manambala awo, kapena kuyatsa zoti matenda ndi zilema zizichoka mukapumula. Ine ndimaona kuti kutsitsa manambala a adani pang'ono ndiye mankhwala enieni a vuto la ma buff lija, ndewu zimafulumira mbali zonse ziwiri popanda kuima pakhomo mphindi zisanu.

Pali gawo lina la crusade pomwe mumayendetsa magulu a asilikali pa mapu ndi kumanga mzinda wa Drezen, ndewu zake ndi za timabokosi zosiyana ndi zinazi. Sizinandigwire mtima. Pezani general wamatsenga ndi oponya mivi ambiri, nkhani yatha. Pali poti muike pa auto koma dziwani kuti mukatero zinthu zina za nkhani zimakudutsani, bola kungoika pa mulingo wosavuta.

Chingerezi chake ndi chambiri ndiponso chozama, mawu ojambulidwa ali pa zigawo zofunika zokha, kwina konse muwerenga nokha ndime zitalizitali, ndiye kwa mwana wa pulayimale si yake, komanso muli zoopsa ndi zamagazi zosayenera ana. Pogula, imapezeka pa Steam ndi pa GOG ndipo imatsika mtengo kawirikawiri pa ma sale, musagule pa mtengo wonse, dikirani. Pafunika khadi la ku banki lolipira pa intaneti. Ya pa GOG ndiye yotiyenera kuno chifukwa mumatsitsa ma installer ake kamodzi, kusunga pa hadi diraivi, kuika ndi kusewera popanda intaneti, olo mutapita nayo kumudzi ku Chadiza kapena ku Vubwi komwe netiweki imachita kusakidwa pachulu. Tsitsani usiku pa bando yotchipa ija kapena kwa mnzanu wa wifi, ndipo laputopu muziikweza pa kanthu mpweya uzipita pansi, mwezi wa October kuno imatentha mpaka gemu kuyamba kudukiza, makamaka pamalo pomwe pali ma spell ambiri pansi.

Ma DLC (zowonjezera zogula padera) asiyeni kaye, gemu yeniyeniyo payokha imapitirira maola 100 mukamachita zonse. Ndipo mukadzafika pamalo otchedwa Leper's Smile mu gawo lachiwiri, sevani panja, ikani turn-based musanalowe, tengani chilichonse chowotcha malo ambiri nthawi imodzi chomwe muli nacho, mabotolo a moto ndi a asidi omwe, chifukwa tizilombo ta kumeneko timabwera chigulu ndipo timasokoneza anthu anu mitu mpaka kuyamba kutemana okhaokha.